Mukapita ku Berlin muziyang'ana pansi

Zinthu zimene zinandigwira mtima ku Berlin pafupifupi zonse n'zaulere. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa ambiri a ife tikapeza mwayi wopita ku Ulaya, kaya ndi kumsonkhano, kusukulu kapena kokaona abale, timanyamuka ndi ndalama zowerengeka, ndipo ukamasintha makwacha kukhala mayuro mtima umachita kuwawa. Ndiye munthu umangobindikira m'nyumba poopa kuti kutuluka n'kuwononga. Ku Berlin mantha amenewo alibe ntchito. Chofunika ndi nsapato zosapweteka, tikiti ya basi ndi sitima, komanso mtima wosapupuluma.

Ine ndinapita kukachezera achemwali anga amene amagwira ntchito ya unamwino mumzindawo, ndipo amakhala kudera lotchedwa Wedding. Iwo akalawirira kuntchito ndinkayenda ndekha ndi mapu a pafoni, akapuma n'kumayenda awiri. Mzindawu uli ndi anthu oposa 3.5 miliyoni, ndipo ndi wotambalala ngati Lilongwe: palibe malo amodzi pomwe mungaime n'kunena kuti pano ndiye m'tauni. Kwa zaka zoposa 40 unali mizinda iwiri, uliwonse ndi pakati pake, kum'mawa Alexanderplatz, kumadzulo cha ku Kurfürstendamm. Mabomba a nkhondo yachiwiri yapadziko lonse anaphwanya zambiri, moti amene akuyembekeza tinyumba takale tokongola m'msewu uliwonse akhumudwa. Za kumeneko zimafuna kuwerama ndi kuwerenga.

Ndinene kaye za kayendedwe, poti ndi pamene alendo amatayira ndalama. Mzindawu anaugawa m'zigawo zitatu, A, B ndi C. Malo onse amene nditchule pano ali mu A ndi B, koma bwalo la ndege la BER lili mu C, choncho tsiku lofika ndi lobwerera gulani tikiti ya ABC. Tikiti imodzi imagwira ntchito pa zonse: sitima yapansi ya U-Bahn, yapamtunda ya S-Bahn, basi ndi thiramu. Ngati muyenda tsiku lonse, gulani ya maola 24. Pasiteshoni palibe geti, palibe mlonda, mumangolowa, koma tikiti yapepala muyenera kuidinda pa kamakina kamene kali papulatifomu kapena m'basi. Yosadinda amaitenga ngati mulibe tikiti n'komwe. Ndinaona ndi maso anga mu sitima yapansi ya U6: zitseko zitangotsekeka, anyamata awiri ovala majini, amene aliyense ankawayesa apaulendo, anatulutsa ziphaso, wina kuyambira uku wina uko. Bambo wina wachikulire, wooneka kuti ndi mlendo, tikiti anali nayo ndithu koma yosadinda. Anatsika nawo pasiteshoni yotsatira. Chindapusa chake ndi mayuro 60, ndipo kumeneko kulibe za "tikambirane bwana".

Tsiku loyamba musalipire mabasi apadera a alendo. Kwerani basi wamba nambala 100 pa Zoologischer Garten, ndipo ikakhala yosanjikiza kwerani pamwamba mukakhale kutsogolo. Ndi tikiti yanu yomwe ija idzakudutsitsani pa chipilala cha Siegessäule, pa nyumba yachifumu ya Bellevue, pa nyumba ya malamulo, mumsewu waukulu wa Unter den Linden mpaka ku Alexanderplatz. Basi imeneyi inayamba mu 1990, kulumikiza mbali ziwiri za mzinda zitangogwirizananso. Musanakwere, yendani pang'ono mukaone tchalitchi cha Kaiser-Wilhelm-Gedächtniskirche, chimene mabomba anachiwononga mu 1943 ndipo nsanja yake anaisiya dala yothyoka choncho. Chatsopano chili pambali pomwepo, kunja n'chosakopa, koma mkati magalasi abuluu amakuzungulirani mbali zonse. Ndipo poyenda pansi, kanjira kofiirira kapena kolembedwa mzere m'mbali mwa msewu n'ka njinga. Okwera njinga akumeneko saima, amangoliza belu n'kukalipa.

Chipata cha Brandenburg, chimene aliyense amachidziwa pa zithunzi, sichikutengerani nthawi. Chinamangidwa kuyambira mu 1788 mpaka 1791, ndipo akavalo anayi okoka galeta amene ali pamwamba aja Napoleon anawazula mu 1806 n'kupita nawo ku Paris, anabwerera mu 1814. Jambulani chithunzi chanu, abale kumudzi akhulupirire kuti munafikadi. Mukatero dutsani mupite kuseri kwake, mbali ya kumadzulo, n'kuyang'ana pa phula. Muona mizere iwiri ya timiyala itadutsa pakati pa msewu. Umenewo ndi mzere womwe linadutsa Khoma la Berlin, limene linkalekanitsa mbali ziwiri za mzindawu, ndipo mukangoudziwa muyamba kuuona paliponse mumzindawo, m'misewu, pa malo oimika magalimoto, penapake utalowa pansi pa nyumba yatsopano n'kukatulukira mbali ina. Nthawi ya khomalo chipatachi chinali m'dera loletsedwa, ndipo anthu anayambanso kudutsapo pa 22 Disembala 1989.

Chapafupi pomwepo pali Reichstag, nyumba ya malamulo. Kukwera padenga lake lagalasi n'kwaulere, koma muyenera kulembetsa kaye pa intaneti, pa tsamba la Bundestag (dzina la nyumba ya malamulo ya Germany), ndipo nyengo yotentha malo amatha msanga. Lembetsani musananyamuke kwanu. Amafuna dzina ndi tsiku lobadwa la aliyense, ndipo pobwera musaiwale pasipoti chifukwa amasecha ngati kubwalo la ndege. Chikepe chikakufikitsani pamwamba amakupatsani kachipangizo kakukhutu, kaulerenso, kamene kamafotokoza m'Chingerezi zimene mukuona pamene mukukwera njira yozungulira m'kati mwa dengalo. Pakati pake pali chinsanamira chovekedwa magalasi odziyang'anira 360, otumiza kuwala kwa dzuwa kuchipinda chapansi. Mukasuzumira mumaona mipando ya aphungu ili ndandanda pansi pa mapazi anu. Achemwali anandikodola n'kunena kuti, "Achimwene, mwaona? Kuno aphungu amakhala pansi, ife eniake pamwamba." Ndi mmene anakonzera katswiri wa zomangamanga Norman Foster, amene anaimanganso nyumbayi aphungu asanasamukiremo kuchokera ku Bonn mu 1999. Nyumba yomweyi inapsa pa 27 Febuluwale 1933, Hitler asanathe ndi mwezi womwe paudindo, ndipo moto umenewo anaugwiritsa ntchito ngati chifukwa cholanda anthu ufulu wawo ndi kumanga otsutsa. Sankhani nthawi yamadzulo, kuti muone mzinda kukuwala komanso magetsi atayaka.

Kuchokera pa chipata chija, kulowera kummwera, mufika pa chikumbutso cha Ayuda amene anaphedwa ndi chipani cha Nazi, chimene chinatsegulidwa mu 2005. Ndi miyala ya konkire 2,711, yotuwa, yopanda dzina kapena chilembo. M'mphepete imalekeza m'mawondo ndipo anthu amakhalapo n'kumadya. Koma lowani. Nthaka imatsetsereka osazindikira, miyala ija n'kumakwera, kufika m'chiuno, m'mapewa, mpaka kupitirira mamita anayi. Tinjira take n'tokwana munthu mmodzi, moti simungayende mogwirana manja. Phokoso la magalimoto limazilala. Achemwali anali patsogolo panga, anakhota kamodzi, basi sindinawaonenso. Ndinkangoona anthu akuti wuu pamphambano n'kusowa. Thupi lanu ndi limene limamva nkhaniyo mutu usanaimve. Pansi pa miyalayo pali zipinda, zolowa mwaulere koma zotseka Lolemba, momwe muli makalata omaliza a anthu amene ankadziwa kuti akukafa, mbiri za mabanja athunthu, ndi chipinda china chimene mayina amawerengedwa limodzilimodzi. Pamalo amenewa si podumphadumpha kapena kujambula zithunzi zoseka.

Zikumbutso zina n'zazing'ono moti mutha kuzipondaponda sabata yonse osadziwa. Pa makomo a nyumba zambiri, pakati pa miyala yoyendapo, pali timapale tachitsulo chachikasu, masentimita 10 mbali zonse, totchedwa Stolpersteine. Anatiyambitsa ndi Gunter Demnig. Pa kalikonse pali dzina la munthu amene ankakhala m'nyumba imeneyo, chaka chobadwa, tsiku limene anatengedwa ndi komwe anakafera. Pakhomo lina ndinawerenga tinayi toyandikana ta dzina la banja limodzi, ndipo pochotsera zaka ndinapeza kuti wamng'ono anali asanayambe sukulu. Pa Bebelplatz, moyang'anana ndi yunivesite ya Humboldt, ndi chimodzimodzi: bwalo limaoneka lopanda kanthu, koma pakati pake pali galasi pansi. Mukagwada n'kutchinga kuwala ndi manja muona chipinda chokhala ndi mashelefu oyera opanda buku ngakhale limodzi, okwana mabuku 20,000, chiwerengero cha amene anatenthedwa pamenepo pa 10 Meyi 1933. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Magulu a alendo ankadutsa pambali pa galasilo akuthamangira basi yawo.

Tsopano malo amene Mmalawi ayenera kuimapo, ngakhale kuti ambiri otsogolera alendo sawatchula. Kuchokera pa miyala ya konkire ija, yendani pang'ono chakum'mawa mutulukire mumsewu wa Wilhelmstraße. Palibe chokongola: nyumba zosanjikizana zimene boma la East Germany linamanga m'zaka za m'ma 1980, pansi pake timalesitilanti ndi timasitolo. Pafupi ndi nambala 92 pali chikwangwani choimirira chokhala ndi mapu a Africa. Pamenepo ndi pamene panali likulu la Otto von Bismarck, mtsogoleri wa boma la Germany nthawi imeneyo, momwe munachitikira msonkhano wa ku Berlin umene tinaloweza kusukulu uja, kuyambira pa 15 Novembala 1884 mpaka pa 26 Febuluwale 1885. Mayiko 14 anatumiza nthumwi, koma munthu wa ku Africa sanaitanidwe ndi mmodzi yemwe.

Ambirife timaganiza kuti anatenga rula n'kudula Africa patebulo tsiku limodzi. Chimene anagwirizana kwenikweni ndi malamulo a kalandidwe kake, kuti dziko likatenga dera lizidziwitsa anzake ndi kusonyeza kuti likulamuliradi kumeneko, ndipo pa nthawi yomweyo Leopold II wa ku Belgium anavomerezedwa kukhala mwini wa Congo. Malire enieni anabwera pambuyo, m'mapangano a mayiko awiriawiri. Komabe kwathu kunatchulidwa. Chikalata chimene anasaina chimatchula mtsinje wa Shire ndi nyanja yathu pofotokoza pothera dera lochitamo malonda momasuka. Ndipo pangano limene likutiluma mpaka lero linasainidwa mumzinda womwewu pa 1 Julayi 1890, pakati pa Britain ndi Germany. Britain inapereka kachilumba ka Heligoland, Germany n'kuvomera kuti Zanzibar ikhale m'manja mwa Britain, ndipo m'chikalata chomwecho analemba kuti malire a dera la Germany atsate gombe la nyanja mpaka pamathiriro a mtsinje wa Songwe. Mukamva pa wailesi kuti Malawi ndi Tanzania akukokanabe pa nkhani ya nyanja, a kwathu n'kumati malire ali pagombe osati pakati pa madzi, mawu amene amatsamira ndi amenewo.

Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, anthu akundilambalala ndi majumbo a kogula. Mbiriyo ndinkaidziwa kale, chimene chinandipweteka ndi kuchepa kwa chikwangwanicho. Kumbuyo kwanga kunali bwalo lonse la miyala 2,711, ndipo m'pake kutero. Koma za Africa yense n'kachikwangwani kamodzi kamene kanaikidwa mu 2005, ndiponso anachita kukalimbikira ndi anthu a ku Africa okhala mumzindawo. Chaka chilichonse kumapeto kwa Febuluwale amasonkhana pamenepo n'kuyenda ulendo wa ndawala wokumbukira amene anavutika ndi ukapolo ndi utsamunda. Mukapezeka ku Berlin nthawi imeneyo, pitani.

Mukapitirira ndi msewu womwewo kummwera mufika pa Topographie des Terrors, pomwe panali likulu la apolisi achinsinsi a Gestapo. N'paulere, zolembedwa zake zili m'Chijeremani ndi m'Chingerezi, ndipo m'mbali mwake mwatsala chigawo chachitali cha khoma lenileni. Checkpoint Charlie, pomwe panali podutsira malire nthawi ya khomalo, ili chapafupi, ndipo ndinene mosabisa: pitani mukaone, koma mphindi zochepa zakwana. Mbiri yake ndi yaikulu, poti mu Okutobala 1961 akasinja a America ndi a Soviet Union anapenyetsetsana pamenepo dziko lonse lili chete ndi mantha. Koma kanyumba ka asilikali kamene kali pakati pa msewu n'kongoyerekezera, ndipo pozungulira ponse ndi malonda a zipewa zachisilikali ndi timiyala topakidwa utoto tomwe amati ndi zidutswa za khoma. Piringupiringu wake ndi amene amakonda opisa m'matumba, ndiye chikwama chikhale kutsogolo.

Amene akufuna kumvetsa khomalo apite ku Bernauer Straße. Tsikani pa Nordbahnhof, ndipo musathamangire kutuluka: siteshoni imeneyi inali imodzi mwa zija zimene sitima za kumadzulo zinkadutsa osaima, asilikali ali chilili mumdima, ndipo zithunzi zake zili m'makoma momwemo. Msewu wa Bernauer unali wodabwitsa chifukwa malire anadutsa pakhomo penipeni pa nyumba. Nyumba zinali kum'mawa, poyenda anthu kunja kwake kunali kumadzulo. Malire atatsekedwa pa 13 Ogasiti 1961, anthu anayamba kudumphira pamawindo, ozimitsa moto a kumadzulo atatambasula nsalu pansi kuti awawakhe, asilikali nawo akutseka mawindowo ndi njerwa kuyambira nyumba zapansi kukwera m'mwamba. Mayi Ida Siekmann anadumpha pa 22 Ogasiti ozimitsa moto asanakonzeke, ndipo anamwalira kutatsala tsiku limodzi kuti akwanitse zaka 59. Ndiwo oyamba mwa anthu osachepera 140 amene anafa chifukwa cha khomalo, lomwe linazungulira West Berlin mtunda wa makilomita pafupifupi 155.

Lero mumayenda makilomita 1.4 pa kapinga pomwe kale munthu akapondapo ankawomberedwa. Pomwe khoma linagumulidwa anazikapo mizati yachitsulo yadzimbiri, ndipo mutha kudutsa pakati pake uku ndi uku mmene mungafunire. Apanso yang'anani pansi. Pali maziko a nyumba zija, pali tizitsulo tosonyeza pomwe munthu anathawira kapena anagwidwira, ndipo pali mizere yosonyeza ngalande zimene anthu anakumba ndi manja pansi pa msewu. Ina mwa izo inapulumutsa anthu 57 mu Okutobala 1964. Tsidya lina la msewu kuli nsanja yokwera mwaulere, ndipo muli pamwamba pake ndi pamene mumazindikira kuti silinali khoma limodzi: anali awiri, pakati pake mchenga wosalazidwa kuti mapazi azioneka, njira ya asilikali, magetsi ndi kansanja ka mlonda. Tchalitchi chimene chinatsekeredwa pakati pa makoma awiriwo boma la kum'mawa linachiphulitsa mu 1985. Pamalo pake pali kachalichi kozungulira ka dothi ndi matabwa, ndipo ndinapezamo anthu akupemphera masana. Ku Bernauer mupite ndi theka la tsiku. East Side Gallery, khoma la makilomita 1.3 m'mbali mwa mtsinje wa Spree limene akatswiri ojambula analikongoletsa mu 1990, ndi labwino pa zithunzi, makamaka chija cha Brezhnev ndi Honecker, atsogoleri a Soviet Union ndi East Germany, akupsompsonana, koma mupiteko mutaona kaye Bernauer, mwina mungaganize kuti khomalo linali chinthu chosangalatsa.

Ndalama zimene mwapulumutsa zikagwire ntchito m'nyumba zosungiramo zinthu zakale. Pa chilumba cha Museumsinsel pali zisanu, koma musayese kuzimaliza tsiku limodzi, miyendo ndi mutu zidzakana. Pergamonmuseum inatsekedwa mu Okutobala 2023 kuti ikonzedwe, choncho fufuzani kaye musanaiike pa ndondomeko. Ine ndinasankha Neues Museum chifukwa cha chosema cha mutu wa Nefertiti, mfumukazi ya ku Egypt. Ali yekha m'chipinda chake, khosi lalitali, diso limodzi lopanda kanthu, utoto wa pakhungu ndi pachisoti uli wowala ngati wapakidwa chaka chatha pamene papita zaka zoposa 3,300. Kujambula m'chipindamo n'koletsedwa, ndipo kumathandiza, chifukwa anthu amayang'anadi. Anamufukula ku Amarna mu 1912, ndipo dziko la Egypt lakhala likupempha kuti abwerere kwawo. Funso lomwelo lidzakutsatirani ku Humboldt Forum, tsidya lina la msewu, komwe kuli zinthu zambirimbiri za ku Africa. Zosema zamkuwa za ufumu wakale wa Benin, dera limene lero lili mu Nigeria, zimene asilikali a Britain anafunkha mu 1897, Germany inavomera mu 2022 kuti mwini wake ndi Nigeria, ndipo zimene zikuonetsedwabe ndi zobwereka. Werengani timapepala ta m'munsi mwa chinthu chilichonse, pamene pamanena mmene chinafikira kumeneko. Nsanja ya wailesi yakanema ya pa Alexanderplatz, yotalika mamita 368, ndinangoiyang'ana ndili pansi. Mzinda ndinali nditauona kale kuchokera pa Reichstag osalipira.

Ngati muli ndi ana, kapena ndinu a ku Karonga, pitani ku Museum für Naturkunde, pa sitima ya U6. Mukangolowa mumakumana ndi mafupa a dinosaur yotchedwa Giraffatitan, yotalika mamita 13.27, mutu uli kudenga, ndipo munthu wamkulu mumalekeza m'munsi mwa bondo lake. Ana amangoti kukamwa yasa. Mafupa amenewa ndi a kwa aneba athu: anafukulidwa ku Tendaguru, kummwera kwa Tanzania, pakati pa 1909 ndi 1913, dzikolo lili m'manja mwa Germany. Anakumba ndi anthu akumeneko mazanamazana, ndipo matani oposa 200 a mafupa anachita kuwasenza pamutu ndi pamapewa, wapansi, mpaka kudoko la Lindi. Ndili chiimire pansi pa chinyamacho ndinaganiza za Malawisaurus wathu amene waima m'nyumba yosungiramo zakale ya ku Karonga, nyumba imene katswiri wa ku Germany, Friedemann Schrenk, anathandiza kuti imangidwe gulu lake litapeza chibwano cha munthu wakale wa zaka zoposa 2 miliyoni ku Uraha mu 1991. Zinthu zikhoza kufukulidwa n'kuphunziridwa, ana a m'deralo n'kumazionera kwawo komweko. Mwana wa ku Lindi kuti aone za kwawo afunika viza.

Kumene achemwali amakhala kulinso koyenda, ngakhale kuti alendo safikako. Tsikani pa siteshoni ya Afrikanische Straße kapena Rehberge n'kumawerenga mayina a misewu: Togostraße, Kameruner Straße, Sansibarstraße, Sambesistraße. Ambiri anaikidwa pa nthawi imene Germany inkanyadira madera amene inalanda kapena inkalakalaka. Misewu itatu inali ndi mayina a atsamunda enieni, ndipo anthu analimbana zaka zambiri kuti asinthidwe. Mu 2022 Lüderitzstraße inakhala Cornelius-Fredericks-Straße, pokumbukira mtsogoleri wa Anama wa ku Namibia amene anamenyana ndi Ajeremani, ndipo Nachtigalplatz inakhala Manga-Bell-Platz, dzina la mfumu ya ku Douala ku Cameroon imene inanyongedwa mu 1914, komanso la mkazi wake. Mu 2024 Petersallee inagawidwa pawiri, mbali ina Anna-Mungunda-Allee, ina Maji-Maji-Allee. Ife a ku Ntcheu dzina lomalizali limatikhudza, chifukwa pa nkhondo ya Maji Maji, imene anthu a ku Tanzania anamenyana ndi Ajeremani kuyambira 1905 mpaka 1907, Angoni a ku Songea anamenya nawo ndipo mafumu awo ananyongedwa mu 1906, ndipo ku Songea ndi komwe Angoni a Maseko anakhalako asanatsikire kuno. Ndinafunsa achemwali ngati aneba awo anakondwa ndi kusinthaku. Anaseka. "Achimwene, ena mpaka anapita kukhoti. Ankati kusintha adiresi n'chintchito." M'dera lomwelo muli masitolo a anthu a ku Africa momwe mumapezeka ufa wa chimanga, nyemba ndi nsomba zouma, ndiye nsima simuisowa.

Zakudya za mumsewu zotsika mtengo ndi döner, buledi wodzaza nyama ya ng'ombe kapena nkhuku ndi masamba, imene imakhutitsa mpaka madzulo, ndi currywurst, soseji yodulidwadulidwa yothira msuzi wa tomato. Currywurst nthawi zambiri ndi ya nkhumba, choncho amene simudya funsani kaye. Madzi a pampopi ndi abwino kumwa, yendani ndi botolo lanu. Mukagula chakumwa cha m'botolo lapulasitiki kapena m'chitini, masenti 25 a pamtengowo ndi chikole, ndipo amabwerera mukaponya botololo m'makina a pakhomo la supamaketi. Yendaninso ndi ndalama zachitsulo, poti zimbudzi zambiri n'zolipira ndipo timasitolo tina sitilandira khadi. Ngati nthawi yopita mukusankha nokha, sankhani pakati pa Meyi ndi Seputembala. Mu Juni kumakhala kukuwalabe 9 koloko usiku, pamene mu Disembala 4 koloko isanakwane dzuwa lalowa kale, ndipo zambiri zimene ndatchulazi n'zapanja.

Lamlungu masitolo amatseka, kupatula ochepa a m'masiteshoni akuluakulu monga Hauptbahnhof. Tsiku limeneli chitani zimene eni mzinda amachita, pitani ku Tempelhofer Feld. Linali bwalo la ndege, lomwe mu 1948 ndi 1949, Soviet Union itatseka misewu yonse yolowera ku West Berlin, ndege za America ndi anzake zinkaterapo usana ndi usiku ndi malasha, ufa ndi mankhwala. Linatsekedwa mu 2008, ndipo boma litafuna kumangapo nyumba m'mphepete, anthu anakana pa voti ya mu 2014. Ndiye lilipo choncho, chidikha chachikulu pakati pa mzinda, misewu yoterapo ndege ili momwemo ndi manambala ake, ana akuphunzirirapo njinga, ena akuulutsa makaiti, mabanja a ku Turkey, ku Syria ndi ku Ghana atayala mikeka. Kuwotcha nyama amalola, koma pa malo okhawo amene anaikapo zikwangwani, ndipo mbaula ikhale ya miyendo kuti isatenthe kapinga. Makala ndi nyama mugule Loweruka.